Mpeni wa Kumanzere

Chaka chimene Hafiz analemba mayeso a Fomu 4, dzuwa la Okutobala linakwiya ngati kuti anthu a ku Mangochi analibera mbuzi. Zotsatira za mayeso zinali zisanatuluke, ganyu yooneka panalibe, ndipo tsiku lililonse linkatalika ngati msewu wa ku Makanjira. Mayi ake akamutuma mafuta ophikira, iye ankabwera ndi mchere. Akamutuma mchere, ankabwera chimanjamanja, akumwetulira yekha. Anthu ankati mwanayu amalota ali maso, ndipo sankanama.

Kumene ankasowera kunali kushopu ya a Rabson, kuseri kwa depoti ya maminibasi. A Rabson anali mwana wa asodzi a ku Nkhudzi, koma anathawa nkhafi n'kukakwatira mawaya. Ankachaja mafoni, kuikira anthu nyimbo, ndi kuphunzitsa achinyamata kutaipa. Kuseri kwa katani yofiira kunali makompyuta awiri okalamba, olumikizana ndi chingwe chimodzi, ndi fani imene inkangopukusa mutu ngati ikukana mlandu. Masana, makasitomala akathawa dzuwa, a Rabson ankalola ophunzira awo kusewera gemu imene inali m'makinamo. Dzina lake lenileni linali lachingerezi komanso lalitali, choncho onse ankangoitchula kuti Chipata, poti kumapeto kwake kunali chipata.

Dziko la m'gemumo linali la chifunga. Kumwamba kunali miyezi iwiri, wina woyera wina wofiirira, ndipo masamba akathothoka m'mitengo ankakwera m'mwamba m'malo mogwa pansi. Hafiz akalowamo, phokoso la makondakitala oitanira anthu a ku Liwonde linkazimiririka, thukuta n'kuuma lokha. Akatuluka, dzikolo linkamutsatira. Mlatho wa pa Shire unkasanduka wa miyala yakuda, akabaza n'kukhala asilikali apakavalo, ndipo iye, ndi masilipasi ake omanga ndi waya, ankayenda monyang'ama m'mbali mwa makoma ngati munthu wobisa malupanga m'malaya.

Kenako kunabwera Sumaiya.

Anali wa ku Namwera. Anatsika kumapiri kudzaphunzira kutaipa kwa miyezi itatu, akukhala kwa azakhali ake ku Mpondasi. Tsiku loyamba anaima kumbuyo kwa Hafiz, mpango wobiriwira utamuzinga mpaka pachibwano, naonerera kwa kanthawi. Ndiye anati, "Munthu wakoyu amakonda kufa bwanji?" Tsiku lachiwiri anapanga munthu wakewake. Pofika sabata yachitatu anali atamupeza Hafiz pa levulo.

Hafiz ankakhala pa kompyuta yakumanzere, Sumaiya pa yakumanja. Chimene chinkamusowetsa mnyamatayu mtendere n'chakuti Sumaiya akafika, ankanyamula mausi yake, kuidutsitsa kutsogolo kwa kiyibodi, n'kudzaiika mbali ya Hafiz, pa katoni yomweyo imene panali yake. Manja awiri pa katoni imodzi, pakati pake mpata wongokwana bokosi la machesi. Dzanja la Sumaiya linali ndi maluwa ojambulidwa ndi utoto wa hina, otsala pa ukwati wina, ofufuma pang'onopang'ono, ndipo Hafiz ankawadziwa tsamba ndi tsamba. Mumtima anali atagamula kale mlandu. Tebulo lonseli, malo onsewa, munthu n'kusankha kuika dzanja lake pafupi ndi langa? Chimenechi si china ayi.

Onse awiri anasankha munthu wamtundu umodzi, mbava ya mipeni iwiri, ija yosavala chitsulo, yosanyamula chishango, yodalira mthunzi ndi mapazi. Koma gemuyo inkapatsa wosewera mapointi asanu akakwera levulo, kuti awagawe mmene akufunira, ndipo apa mpamene anasiyana ngati kampango ndi usipa.

Hafiz anamutcha wake Mwera. Mapointi onse anawathira ku mphamvu ndi ku kubisala. Kudzanja lamanja anamupatsa lupanga lalitali, lopindika ngati mwezi woyamba wa Ramadani. Kumanzere anamupatsa kampeni wamba, kongoti dzanja lisasungulumwe. Mwera ankasowa mumthunzi, kuzungulira mdani, n'kumubaya kamodzi kumsana. Zikatheka, sikirini yonse inkang'anima, mdani n'kugwa ngati mgwalangwa. Zikakanika, Mwera ankatsala poyera, akudikira kuti mkono wake wolemera ubwerere, n'kulandira chibonga pamphumi.

Sumaiya anamutcha wake Linthumbu. Mapointi ake onse anapita ku liwiro ndi ku chiphe. Timipeni tiwiri tofanana, tatifupi ngati topalira nsomba. Linthumbu sankabisala. Ankavina mozungulira mdani, cheke apa, cheke apo, bala lililonse laling'ono koma lopaka chiphe, mpaka chimphona chinkangokhala pansi chokha ngati chaledzera.

"Zakozo si ndewu," ankatero Hafiz. "Kumeneko n'kupala mamba."

"Nanga zako? Ukaphonya kamodzi ndiye kuti tiyambe kuuza anthu zovuta."

"Mdani azifa mwaulemu. Kamodzi basi, thi! Osati kumusautsa ngati udzudzu."

"Udzudzu wagoneka anthu angati kuchipatala? Lupanga lakolo lagoneka angati?"

A Rabson ankasuzumira pakatani, sikuludiraiva ili kukamwa. "Shehe wamng'ono, pamenepo wagonja. Ingovomera."

"Inu madala musalowerere. Mwera ndi wokongola."

"Kukongola n'kwa pa ukwati, mphwanga. Kunyanja timafunsa kuti bwato likuchucha kapena ayi."

Sumaiya anali ndi kope limene ankalembamo za kutaipa kutsogolo, za gemu kumbuyo. Tsiku lina analitsegula kuti amutsimikizire. Pa masekondi khumi, Linthumbu amacheka kakhumi n'kanayi, ndipo chiphe chimapitiriza kudya iye atachoka. Pa masekondi omwewo Mwera amabaya kamodzi, bala lalikulu ndithu kuposa onse aja kuphatikiza, koma pa maulendo khumi aliwonse, anayi amaphonya. "Waona? Wako ndi wabwino kwa mdani wogona. Wanga ndi wabwino kwa mdani wodzuka." Hafiz anagwedeza mutu, koma manambala sanawaone. Ankaona zilembo za Sumaiya, zopendekera chakumbuyo ngati chimanga chokankhidwa ndi mphepo, ndi inki yopakika pang'ono pa mzere uliwonse. Anaganiza kuti ngakhale kulemba kwake n'kosiyana ndi kwa anthu onse.

A Rabson ndi amene anawauza za kumapeto. "Pa mlatho womaliza pali Mlonda. Mukamugwetsa awiri, chipata chimatseguka, ndiye gemu imakufunsani maina. Imawasema pamwala pamwamba pa chipatapo, ndipo aliyense wodzasewera pamakina awa azidzadutsa pansi pake. Chitsegulireni shopu ino palibe anafikapo."

Kuyambira tsiku limenelo Hafiz sankalotanso china. Ankaona mwala wotuwa, ndere zobiriwira, miyezi iwiri ikuwalira maina awiri ogundana mapewa. Pakamwa pake panali patamukanika kale. Katatu konse anayesa kumuuza Sumaiya zakukhosi, ndipo katatu konse anathera kufunsa ngati ku Namwera kumazizira. Koma mwala sungachite chibwibwi. Sumaiya akangoona dzina lake pambali pa la Hafiz, adzadziwa yekha, ndipo akadziwa sangakwere mapiri osasiya njira yomupezera. Foni yakeyake analibe, adiresi sanatchulepo, ndipo Namwera ndi wamkulu.

Lolemba lina Sumaiya anakhala pampando, nasamutsa mausi monga mwa masiku onse, n'kunena ngati akunena za mvula. "Lachisanu achimwene anga a Nasir akudzanditenga. Nazale ya fodya ikufuna manja othirira."

Fani inapukusa mutu. Hafiz anamva ngati wina wamutsanulira madzi a m'furiji kumsana.

"Lachisanu lino?"

"Lomweli. Ndiye ngati tikumufuna Mlonda uja, tiyeni."

Mlonda anali chimphona cha mwala, chokhala ndi nyali imodzi m'malo mwa maso ndi nyundo yotalika ngati bwato. Vuto lake linali limodzi: ankaima atatsamira chipata. Analibe msana woti Mwera abaye. Chiphe cha Linthumbu chinkamudya ndithu, koma mwala suledzera msanga, ndipo nyundo inkawapeza chiphe chisanafike pamtima. Lolemba anafa kasanu. Lachiwiri Hafiz anapsa mtima, nalumpha kutsogolo kwa Mlonda ngati munthu wothamangira basi, n'kufa asanasolole n'komwe lupanga.

"Kuthamanga si kufika, Shehe," anatero a Rabson.

Sumaiya sanaseke. Analuma cholembera, nayang'ana m'kope. "Mapointi ako asiye mmene alili. Vuto si lupanga. Vuto ndi dzanja linalo limene limangoperekeza."

Masana otsala a Lachiwiri ndi Lachitatu lonse Sumaiya sanapite kumlatho. Analowetsa Linthumbu m'migodi ya pansi pa nsanja, kumene kulibe nyimbo, kulibe miyezi, kuli mileme yokhayokha, akutola tizidutswa ta chitsulo choyera kamodzikamodzi. Mandasi amene anagula m'mawa anauma m'pepala osadyedwa. Hafiz ankangoyendayenda ndi Mwera m'nkhalango ya masamba okwera, akuba maso kuyang'ana maluwa a hina akuyenda pa katoni.

Lachinayi Linthumbu anaima pa chipala cha wosula, ndipo pa sikirini ya Hafiz panatuluka bokosi lofunsa ngati alandira mphatso.

"Uyu ndi Namzeze," anatero Sumaiya. "Nyundo ikamatsika, umaitchinga ndi ameneyu. Mlonda amadzandira, chifuwa chimatseguka, ndiye lupanga lako lokongolalo lipeze ntchito. Uwerenge zalembedwapozo. Ine azakhali akundidikira, tionana mawa mukatuluka ku mapemphero a Juma."

Hafiz anagwirizitsa dzanja lamanzere pansi pa mkono wamanja, monga mmene munthu amalandirira chinthu kwa wamkulu, nanong'ona Bismillah, n'kudina.

Mpeniwo unali woonda, wakuda kumsana, woyera kumimba, chogwirira chake chogawikana pawiri ngati mchira wa mbalame ya dzina lomwelo. Anauzunguza pa sikirini kwa nthawi yaitali. Kenako anawerenga zolembedwa pansi pake. Chingerezi chake chinali chosavuta, ndipo anachimva bwinobwino: mphamvu yotchinga imagwira ntchito mpeniwo ukakhala kudzanja lamanzere basi.

Apa mtima wake unakana.

Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi anapatsirapo amjomba ake kapu ya madzi ndi dzanja lamanzere, alendo ali khonde lonse. Mayi ake anangomugogoda ndi mthiko pa kamfundo ka dzanja, ndipo mpaka lero kunja kukazizira pamalopo pamakumbuka. Ku madrasa mwalimu anawaphunzitsa mwadongosolo: kudya n'kumanja, moni n'kumanja, kupereka ndi kulandira n'kumanja, kulowa mumzikiti mwendo wamanja. Lamanzere lili ndi ntchito yake, ya kuseri, yosatchulidwa pagulu. Ndiye chinthu chimene Sumaiya wachivutikira masiku awiri m'migodi ya mileme, osadya, chinthu choyamba chimene wamupatsa chibadwire, achiike kumeneko? Olemba gemu ndi anthu akutali, sadziwa ulemu. Iye ankaudziwa.

Anakoka Namzeze n'kumuika kudzanja lamanja la Mwera. Lupanga lalitali analitsitsira kumanzere. Manambala ena m'mbali anafiira, koma Hafiz anawanyalanyaza monga ankachitira ndi manambala onse. Popita kunyumba anaona anamzeze enieni akuzungulira pansi pa mlatho, ndipo anati chimenecho n'chizindikiro. Ankadziona mawa lake Sumaiya akutembenuka, akuona pamene mphatso yake yakhala, maso ake n'kufewa.

Lachisanu anatuluka mumzikiti ali woyamba, kofia ili m'manja, nathamanga mpaka kanzu inamata kumsana. Sumaiya anali atafika kale. Chikwama chake chachikulu chinali pakhomo, chomangidwa ndi lamba wa chubu.

"A Nasir akugula mchere ndi nsomba zouma kumsika. Akuti ikamakwana fili koloko tinyamuke, mapiri aja safuna mdima. Khala pansi."

Analowa pamlatho. Chifunga chinatseguka, nyali ya Mlonda inayaka. Linthumbu anayamba kuvina kumapazi a chimphona, mabala obiriwira akuchuluka pamwala. Nyundo inakwera.

"Tchinga!"

Hafiz anadina. Mwera anatukula lupanga lalitali ndi dzanja losazolowera, mochedwa ngati nkhalamba yonyamula mtolo. Nyundo inamupeza. Sikirini inafiira.

"Wachedwa. Uziyang'ana phewa lake, osati nyundo. Tibwereze."

Anabwereza. Ulendo uno Hafiz anadina pa nthawi yake yeniyeni, koma palibe chinachitika. Mwera anaphwanyika ngati dzira, ndipo Linthumbu atatsala yekha anavina kwa mphindi imodzi n'kutsatira.

Sumaiya anakwinya nkhope. Anasendeza mpando, nasuzumira pa sikirini ya Hafiz. Fungo la sopo wake linamufika, ndipo mnyamatayo anakonzeka kulandira maso ofewa aja.

"Ichi n'chiyani?"

"Namzeze."

"Ndikumuona. Akutani kumanja? Sunawerenge?"

"Ndinawerenga."

"Ndiye?"

Hafiz anawongola msana. Mawu amene anawakonza njira yonse anatuluka okha, monyadira. "Mphatso yako sindingaiike kumanzere, Sumaiya. Wallahi sindingathe. Lamanzere ndi dzanja la kuchimbudzi. Chinthu chaulemu sichikhala kumeneko."

Kunja kondakitala wina ankakuwa za Ulongwe ndi Liwonde. Sumaiya anabweza mpando wake pang'onopang'ono, nachotsa dzanja pa katoni, n'kulibisa pansi pa mpango.

A Rabson anali ataima pakatani, foni ya munthu ili chitsegulire m'manja. Analankhula motsitsa, mopanda nthabwala. "Shehe. Masabata onsewa wakhala pampando umenewo. Tayang'ana patebulopo."

Hafiz anayang'ana. Kiyibodi ya Sumaiya. Kumanja kwake kopanda kanthu, fumbi lokhalokha. Mausi kumanzere, chingwe chake chitadutsa mokokeka kutsogolo. Kope lotsegula, zilembo zopendekera kumbuyo, inki yopakika ndi dzanja limene limadutsa pa mawu likangowalemba. Zonse zinali pomwepo kuyambira tsiku loyamba. Iye ankawerenga maluwa, osafunsa kuti amera pa dzanja liti.

Manyazi anamukwera kuchokera kumapazi. Ndipo pansi pa manyaziwo panali kena kowawa kwambiri: mausi ija sinkabwera kwa iye. Inkangopita kwawo.

"Ndili Sitandade 1," anatero Sumaiya, akuyang'ana sikirini yake, "ankandimanga dzanjali kumsana ndi kansalu kuti ndilembe ndi linalo. Ndinkalira mpaka kope kunyowa. Kudya ndinaphunzira, moni ndinaphunzira, sindichititsa munthu manyazi pagulu. Koma cholembera, singano, mpeni, zinakana. Akwathu ena mpaka lero safuna ndiwasendere mango." Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Namzeze ndinamusula ndi dzanja lomwelo, Che Hafiz. Ndiye ngati ndi lonyansa, mutaye."

Anatseka kope, naimirira.

Hafiz anafuna kunena zinthu khumi nthawi imodzi. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Ku Namwera..." Anadziluma lilime. Ayi, lero ayi.

"Ndalakwa," anatero. "Ndimafuna kukulemekeza, ndakutukwana. Ndine chitsiru chovala kofia. Koma taona."

Anachotsa dzanja lamanja pa mausi. Anaigwira ndi lamanzere, movutikira, kamuvi kakuthawathawa pa sikirini ngati nkhuku yodulidwa mutu. Kawiri anagwetsa mpeniwo panjira. Kachitatu anaufikitsa. Namzeze anakhala kumanzere kwa Mwera, lupanga linabwerera kumanja, manambala ofiira aja anabiriwira onse, ndipo m'mphepete mwa mpeniwo munayaka kamzere koyera kamene dzulo sikanalipo.

Sumaiya anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itatsala mphindi khumi ndi ziwiri.

"Kamodzi," anatero, akukhala. "Ndipo ubweze dzanja lakolo, ungatiphetse. Aliyense ndi lake."

Dzanja la hina linatuluka pansi pa mpango n'kubwerera pa katoni.

Chifunga chinatseguka. Nyali inayaka. Hafiz anamva mapazi ake akuyabwa kufuna kulumpha, koma anawagwira. Anayang'ana phewa la mwala. Linthumbu ankazungulira, cheke, cheke, cheke. Phewa linanyamuka. Hafiz anapuma kamodzi, nadina.

Ngwee! Nyundo yotalika ngati bwato inaterereka pa kampeni koonda ngati tsamba la bango. Mlonda anadzandira, chifuwa chake chinang'ambika pakati, mkati mukuyaka moto wabuluu.

"Pano!"

Lupanga lopindika linalowa lonse. Sikirini inang'anima, ndipo mzere wa moyo wa Mlonda unadumuka chigawo chachikulu.

"Ehee!" anakuwa a Rabson. "Bwato lasiya kuchucha!"

"Usasangalale, abweranso. Phewa, Hafiz, phewa!"

Kachiwiri anatchinga. Kachitatu anafulumira, mtima utamutsogolera, ndipo nyundo inamupsepsa n'kumusiyira moyo wochepa ngati ulusi. Anabwerera m'mbuyo. Pamenepo mpamene anaona chimene kope linkanena masiku onsewa: iye atathawa, mzere wa Mlonda unkatsikabe wokha, pang'onopang'ono, chiphe cha Linthumbu chikudya mwakachetechete. Mabala ake aakulu aja anali ngati mabingu. Mvula yeniyeni inali ya Sumaiya.

Kunja njinga yamoto inalira hutala kawiri.

"A Nasir amenewo," anatero a Rabson. "Ndikawachedwetse ndi nkhani za mpira." Anatuluka akukuwa, "Bwana Nasir! Za ku Chiponde? Tabwerani muone mpira wadzulo pa foni iyi!"

Phewa linanyamuka komaliza. Hafiz sankamvanso fani, kapena hutala, kapena mtima wake. Ankangoona manja awiri a Mwera, lina likudikira linzake. Ngwee! Chifuwa chinatseguka. Lupanga ndi timipeni tiwiri zinalowa limodzi, ndipo nyali ya Mlonda inaphethira, n'kuzima. Chimphona chinagwada, chinasweka kukhala masamba, masambawo n'kukwera kumwamba kwa miyezi iwiri.

Nyimbo inayamba. Chipata chinayamba kutseguka, koma mwaulesi wake, pang'onopang'ono, gemu ikuonetsa mapiri, mitsinje, midzi yonse imene anadutsamo. Hafiz anadina mabatani onse kuti ifulumire. Inakana.

Hutala inaliranso, motalika.

Sumaiya anaimirira, nakonza mpango. "Sindingadikire. Achimwene akakwiya amayendetsa ngati wamisala."

"Maina, Sumaiya. Zatsala pang'ono. Maina okha."

"Ulembe ndiwe." Anatsegula kope kumbuyo, nalemba kanthu msangamsanga pansi pa manambala a Linthumbu, n'kung'amba tsambalo. Analipinda kawiri. Kenako anamuyang'ana Hafiz m'maso, mwadala, natambasula dzanja lamanzere.

Hafiz anaimirira. Analandira ndi manja awiri.

Pakona pa mlomo wa Sumaiya panagwedezeka pang'ono. "Nambalayo ndi ya foni ya alamu anga. Amandibwereka Lamlungu masana. Unditumizire chithunzi cha mwalawo, ndione ngati sunalakwitse sipelo." Anafika pakatani, natembenuka. "Ndipo inde, kumazizira. Wandifunsa katatu."

Katani inagwa. Njinga inalira, phokoso lake linalowera kumlatho, n'kusakanikirana ndi la tauni.

Hafiz anakhala pansi, kapepala kali pachifuwa. Pa katoni panatsala mausi ziwiri, pakati pake mpata wa bokosi la machesi. Sanaisunthe ya Sumaiya. Patapita nthawi chipata chinatseguka chonse, ndipo pamwamba pake panaoneka mwala wotuwa uja, ndere zake zomwezo, ndi mizere iwiri yopanda kanthu.

A Rabson analowa akupukuta thukuta. "Lemba msanga, Shehe, pali mzimayi akufuna kutaipitsa kalata ya ntchito."

Hafiz analemba lake mosachedwa. Atafika pa mzere wachiwiri anaika dzanja lamanja pabondo, natukula lamanzere, chala chimodzi chili chilili ngati cha mwana wa Sitandade 1. Anasaka chilembo choyamba. Anadina cholakwika, nafufuta, nayambiranso.

"Mpaka mawa pamenepa," anadandaula a Rabson. "Mayi, takhalani kaye pabenchipo. Tili ndi wophunzira watsopano."